Tambala alibe wotchi, nanga amadziwa bwanji kuti kwacha?

Funsoli likuoneka ngati la ana a sukulu ya mkaka, koma pali anthu a madigiri awo amene adalitengera ku labotale ndipo boma la kwawo lidawalipira. M'chaka cha 2013 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Nagoya ku Japan, a Tsuyoshi Shimmura ndi a Takashi Yoshimura, adatsekera atambala m'chipinda chopanda zenera momwe munkayaka kanyali kozimirira usana ndi usiku osasintha. Dzuwa sankaliona, phokoso la kunja sankalimva. Koma atambalawo adapitiriza kulira pa nthawi yake, kamodzi pakatha pafupifupi maola 24, kungoperewera mphindi zochepa. Patapita zaka ziwiri akuluakulu omwewa adaonetsanso kuti woyamba kulira m'khola amakhala tambala wamkulu pa udindo, enawo amadikira kaye bwana atsegule pakamwa. Izi za kudikira bwanazi musazitengere ku ndale, ife tikunena za nkhuku basi.

Ndiye kuti tambala ali ndi wotchi m'thupi mwake. Udzudzu uli nayo, chambo chili nacho, mbuzi, mleme, nkhono ya likodzo, ngakhale inu amene mukuwerenga nyuzi ino muli pa benchi lanu mumsika wa Limbe. Azungu amati wotchi ya tsikuyi ndi circadian, mawu amene adapangidwa ndi a Franz Halberg mu 1959 kuchokera ku Chilatini, kutanthauza kuti "pafupifupi tsiku limodzi". Palinso wotchi ina ya chaka, yomwe imauza nyama nthawi yoswana, yosamuka ndi yosintha nthenga. Maganizo athu pa tsamba lino ndi akuti maphunziro a mawotchi amenewa akuyenera kupatsidwa mpando weniweni m'sukulu zathu za ukachenjede, kosi yakeyake ya chaka chachitatu kapena chachinayi, ya labotale ndi ntchito ya kutchire, osati kungowadutsa ngati kamutu ka tsamba limodzi ndi theka m'buku la biology lomwe lidalembedwa ku London.

Tikudziwa kale zomwe ena anene. Ati dziko likulira njala, mankhwala m'zipatala mulibe, ana omaliza ku koleji akugulitsa makadi a foni pa Chigwirizano, ndiye wina azitiuza zowerenga nthawi yogona ntchentche? Kudandaulaku n'komveka ndipo tibwererako. Koma poyamba tiyeni tione ntchentche zikunyozedwazo zidabala chiyani.

Mu 1971 mnyamata wina wophunzira, Ronald Konopka, pamodzi ndi mphunzitsi wake Seymour Benzer ku California, adapeza tintchentche tija timaunjikana pa nthochi zakupsa tomwe wotchi yake idali yosokonekera. Tina tsiku lake linkatha pa maola 19, tina pa maola 28, tina tidalibiretu ndondomeko, kugona ndi kudzuka mwachisawawa ngati mlonda wa malo awiri. Vuto lonselo lidapezeka kuti lili pa jini imodzi, yomwe adaitcha period. Tikati jini apa sitikunena majini a kwa sing'anga ayi, tikunena malangizo aja timatengera kwa makolo omwe amakhala m'maselo. Mu 1984 a Jeffrey Hall, a Michael Rosbash ndi a Michael Young adakwanitsa kuipatula jiniyi, kenako pang'onopang'ono n'kuonetsa m'mene imagwirira ntchito. Jiniyo imalamula selo kupanga puloteni. Puloteniyo imachuluka usiku, ikachuluka imabwerera kukatseka jini yomwe idaipanga. Masana imaphwanyika n'kutha, jini ija n'kutsekukanso. Kuzungulira konseku kumatenga pafupifupi tsiku limodzi. Zili ngati thanki ya chimbudzi cha madzi, yomwe ikadzaza imadzitseka yokha, ikakhuthulidwa n'kuyambanso kudzaza. Pa ntchito imeneyi atatuwa adalandira mphotho ya Nobel ya zamankhwala mu 2017. Tamvetsani bwino, ya zamankhwala, chifukwa makina omwewo adapezekanso mwa mbewa ndi mwa munthu.

Mwa nyama zoyamwitsa, wotchi yaikulu ili pansi pa ubongo, pamwamba penipeni pomwe mitsempha ya maso awiri imapingasana. Ndi kachinthu kochepa kwambiri, maselo ake pafupifupi 20,000. Mu 1972 magulu awiri a asayansi ku America adaona kuti akakaononga mwa khoswe, khosweyo sadziwanso nthawi. Umboni wogometsa udabwera mu 1990 pamene a Martin Ralph ndi a Michael Menaker adatenga kachinthuka mwa kanyama konga mbewa kotchedwa hamster, ka mtundu womwe tsiku lake ndi la maola 20, n'kukaika mwa kanzake ka tsiku la maola 24 komwe adakachotsa kake. Kolandira kaja kadayamba kuyendera maola 20 a mwini wotchi. Kuwala kolowa m'maso ndi komwe kumaikonza wotchiyi m'mawa uliwonse kuti isatsogole kapena kutsalira, monga m'mene tinkakonzera mawotchi athu ikamalira ng'oma ya nkhani pa wailesi.

Tsono zonsezi zachitika kutali. Kwathu kuno zikutikhudza pati?

Yambani ndi udzudzu. Nkhondo yathu yolimbana ndi malungo yatsamira pa masikito, ndipo masikito adatsamira pa mfundo imodzi ya nthawi: yakuti udzudzu wa Anopheles umaluma pakati pa usiku, m'nyumba, munthu ali mtulo. Mfundoyi ikangosintha, neti ija yasanduka nsalu yotchingira mbewu ku dimba. Ndipo pali zizindikiro zoti m'madera ena ikusintha. Ku Benin, kafukufuku yemwe adatuluka mu 2012 adapeza kuti atagawa maneti kwa aliyense, udzudzu wa mtundu wa funestus udayamba kuluma kwambiri cha m'bandakucha, anthu atatuluka kale m'maneti. Funestus yemweyo ndi amene amavutitsa kuno, ku Chikwawa ndi m'mphepete mwa nyanja. Ku Bangui, m'dziko la Central African Republic, ofufuza adachita chinthu chosavuta chomwe ambiri sankachiganizira: m'malo mogwira udzudzu usiku wokha monga mwa chizolowezi, adagwira usana ndi usiku. Zotsatira zawo za mu 2022 zidaonetsa kuti pa kuluma 100 kulikonse kwa m'nyumba, 20 mpaka 30 kumachitika dzuwa likuswa mtengo. Kwa zaka zambiri anthu sankauona udzudzu wa masanawu chifukwa wogwira udzudzu ankaweruka 6 koloko m'mawa.

Amayi amene mumadzuka 3 koloko kukadikira lole ya tomato, abambo amene mumagona pa matumba a mbatata pa depoti, ophunzira amene mumawerenga m'kalasi mpaka 11 koloko usiku miyendo ili pansi pa desiki, funso loti udzudzu wa m'dera lanu umaluma nthawi yanji ndi la moyo wanu. Yankho la ku Benin silingakhale yankho la ku Nkhotakota. Liyenera kufufuzidwa boma ndi boma, chaka ndi chaka, chifukwa udzudzu sukhala chimodzimodzi. Ku Blantyre kuli mabungwe odziwika ofufuza za malungo monga Malaria Alert Centre ndi Malawi-Liverpool-Wellcome, ndipo ntchito akugwira. Koma dziko la maboma 28 likufuna maso ochuluka kuposa pamenepo, ndipo masowo ayenera kuchokera m'makalasi a ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu ndi ku Thyolo.

Kachirombo ka malungo nakonso kamasunga nthawi. Ka mtundu wa falciparum kamatha maola 48 m'selo ya magazi kasanaiphulitse, ndipo tizirombo tambirimbiri timaphulitsa pamodzi, n'chifukwa chake malungo akale ankadziwika ndi kubwera modumphitsa tsiku. Gulu la a Sarah Reece ku Edinburgh lidaonetsa mu 2011 kuti ukasokoneza nthawi ya tiziromboti, poti utenge ta mbewa yomwe kwa iyo ndi usiku n'kuika mwa mbewa yomwe kwa iyo ndi masana, kuchulukana kwake kumatsika ndi pafupifupi theka. Mu 2020 magulu awiri ku America adapeza umboni woti kachiromboka kali ndi wotchi yakeyake. Amene adzapeze njira yoonongera wotchi imeneyo adzakhala atapeza mankhwala atsopano. Kodi n'kulakwa kulota kuti m'gulu lodzapezalo mudzakhale mwana wa ku Ntcheu?

Madokotala akale ankazidziwa izi. A Patrick Manson, akugwira ntchito ku China cha m'ma 1880, adadabwa kuona kuti tinyongolotsi toyambitsa matenda otupitsa miyendo ndi phudzi timapezeka m'magazi usiku, masana osaoneka. Timabwera kufupi ndi khungu pa nthawi yomwe udzudzu wotinyamula uli pa ntchito. Wopima magazi masana akhoza kulengeza kuti mudzi wonse uli bwino pomwe theka likudwala. Dziko lathu lidavomerezedwa ndi bungwe la WHO mu 2020 kuti lathana ndi matendawa ngati vuto la dziko, ndipo njira yofikira pamenepo idadutsa m'chidziwitso chonga chimenechi. Likodzo nalo ndi lomwelo. Tizirombo take timatuluka mu nkhono kwambiri dzuwa lili pamutu, nthawi yeniyeni yomwe ana a ku Mangochi aweruka ku sukulu ndipo akuthamangira kukasambira. Mazira ake amachuluka mumkodzo kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana, ndiye amene amapima mkodzo wa m'mamawa amaphonya odwala ena. Nako ku Rumphi, ku Kasungu ndi ku Nkhotakota komwe kashembe amafalitsa kaodzera, akatswiri adaonetsa mu 2018, poyesa pa mbewa, kuti kachirombo ka matendawa kamafupikitsa wotchi ya m'thupi mwa wodwala, n'chifukwa chake amagona masana n'kumakhala maso usiku.

Tisiye za chipatala, tipite kumsika, poti ambiri a inu ndi komwe mumapezera ya ndiwo.

Wogulitsa usipa aliyense amadziwa kuti mwezi ukawala mtengo umakwera. Asodzi a kauni amakopa usipa ndi nyali, ndiye mwezi ukakhala wathunthu nyali ija ilibe mphamvu. Pansi pa zimenezi pali nkhani ina yomwe ambiri sitiiona. Tizamoyo ting'onoting'ono tomwe usipa umadya timatsikira pansi masana n'kukwera usiku, tsiku lililonse. Mphutsi za nkhungu, touluka tija timaoneka ngati utsi pamwamba pa nyanja ku Nkhata Bay, zimabisala masana m'madzi akuya momwe mulibe mpweya wokwanira kuti nsomba zizitsatire, usiku n'kukwera kudzadya. Nyanja yonse imapuma motere, kukwera ndi kutsika, ndipo mtengo wa ndowa ya usipa ku Lilongwe ukuvina nyimbo yomweyo.

Za chambo ndiye zikuwawa. Boma limatseka nyanja kwa asodzi a makoka kuyambira mwezi wa Novembala kuti nsomba ziswane, poti chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, ndipo kugwira mayi mmodzi ndi kupha mazana. Maziko a chidziwitso chathu pa chambo adaikidwa ndi mayi wa ku England, Rosemary Lowe, yemwe adayenda pa nyanjayi kuyambira 1945 mpaka 1947 ndipo adaona kuti mitundu ya chambo siswana mwezi umodzi kapena malo amodzi. Papita zaka pafupifupi 80. Madzi atentherako, mvula yasintha kabweredwe, chambo chenichenicho chachepa mpaka kusanduka ndiwo ya m'hotela. Tsiku lotseka nyanja likalembedwa m'malamulo limaima pomwepo, koma nsomba siwerenga gazeti ya boma. Ngati nyengo yoswana yasuntha ndi milungu itatu, ndiye kuti tikumana msodzi chakudya pa nthawi yolakwika, n'kumutsegulira pomwe nsomba zili ndi ana m'kamwa. Ofesi yofufuza za nsomba ku Monkey Bay singathe yokha kuyang'ana doko lililonse kuchokera ku Karonga mpaka ku Malombe. Wophunzira wa chaka chomaliza, atapatsidwa sikelo, mpeni ndi kope, akhoza kutumbula nsomba 30 sabata iliyonse pa doko la kwawo n'kulemba kukula kwa mazira. Ophunzira 20 otere kwa zaka 10 angatipatse kalendala ya chambo yomwe palibe mlendo angatibweretsere pa ndege.

Ndipo tisanamizane kuti nzeruzi n'zachilendo. Pa chilumba cha Mbenje ku Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, kuchokera m'zaka za m'ma 1950, popanda digiri ya munthu. Ntchila, yomwe inkakwera mitsinje ndi madzi a mvula kukaswana, tidaitha poitchera pa khomo la mtsinje pa nthawi yomweyo. Mpasa umakwera Bua nyengo yozizira. Agogo athu ankadziwa kuti nyenje zikalira chilimwe chafika pachimake, chizimalupsa chikagwa konzani makasu, ngumbi zimatuluka madzulo a tsiku lotani mvula itagwa motani. Chomwe sadachite ndi kulemba manambala. Ntchito ya yunivesite ndi kutenga zomwe agogo ankaona, kuziyesa, kutaya zabodza, n'kusunga zoona m'njira yoti mdzukulu adzathe kufananiza chaka chino ndi cha zaka 40 zapitazo.

Apa ndi pomwe pali mfundo yomwe ikutikakamiza kulemba nkhani ino. Pafupifupi zonse zomwe mabuku amanena pa wotchi ya chaka zidafufuzidwa kumaiko ozizira. Kumeneko nkhani ndi kutalika kwa usana. Ku London usana wa mu Disembala sukwana maola 8, wa mu Juni umapitirira 16. A William Rowan ku Canada m'zaka za m'ma 1920 adayatsira mababu timbalame m'chisanu choopsa, tsiku lililonse kuonjezera mphindi zingapo, ndipo timbalameto tidakonzeka kuswana ngati kuti nyengo yofunda yafika. Zidadziwika pambuyo pake kuti mwa nyama zoyamwitsa ubongo umayeza kutalika kwa usiku pogwiritsa ntchito melatonin, timadzi tomwe timatuluka mumdima mokha. Nkhosa za ku Ulaya zimatenga bere usana ukayamba kufupika, mahatchi usana ukayamba kutalika.

Nanga kuno? Ku Lilongwe usana wautali kwambiri ndi wa maola pafupifupi 13, waufupi ndi wopitirira pang'ono maola 11. Kusiyana kwake sikufika maola awiri. Mbuzi zathu zimabereka mwezi uliwonse malinga msipu ulipo. Chomwe chimalamula moyo kuno ndi mvula, ndipo mvula ilibe tsiku. Ndiye nyama ya kuno imadziwa bwanji zokonzekera? Mbalame yomwe iyenera kukhala ndi ana pomwe mbozi zachuluka siingadikire mvula igwe kaye, iyenera kuyamba kukonzeka milungu ingapo m'mbuyo. Katswiri wa ku Germany, Eberhard Gwinner, adatenga timbalame totchedwa stonechat ku Kenya, pafupi ndi Equator pomwe usana susintha chaka chonse, n'kukatisunga m'chipinda cha kuwala ndi kutentha kosasintha kwa zaka zingapo. Tidapitiriza kukonzeka kuswana ndi kusintha nthenga mozungulira, pa nyengo yosakwana bwino chaka chathunthu, ngakhale tomwe tidabadwira m'chipindamo osaonapo mvula ya ku Kenya. Ndiye kalendala ili m'thupi. Koma chomwe chimaikonza kalendalayo kuti igwirizane ndi dzinja, kaya ndi mitambo, kaya fungo la dothi lonyowa, kaya udzu wanthete, kaya kusiyana kochepa kwa usana kuja, ndi funso lomwe asayansi akadakanganabe. Yankho lili pa khomo pathu. Mjeremani adachita kukwera ndege kudzatenga mbalame ku Africa. Mwana wa ku yunivesite ya ku Zomba akungofunika kukwera njinga kupita ku Chilwa.

Ku Chilwa komweko, nyanja yomwe idaikidwa pa mndandanda wa Ramsar, kumafika mbalame zochokera ku Ulaya ndi ku Asia chaka chilichonse. Nyanjayi idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 idatsala pang'ono kutheratu. Mbalame yonyamuka ku Russia imanyamuka potsatira wotchi ya m'thupi mwake, siidziwa kuti ikukapeza fumbi. Kwa anansi athu ku Zambia, mileme ya zipatso mamiliyoni angapo imasonkhana m'kankhalango kakang'ono ku Kasanka kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala, nthawi yomwe masuku akupsa, ndipo alendo amalipira madola kudzaiona. Wamalonda wanzeru aone pamenepa kuti kudziwa tsiku lofika nyama ndi katundu wogulitsika.

Kusagwirizana kwa mawotchi ndiye ngozi yomwe ikubwera ndi kusintha kwa nyengo. Ku Netherlands a Marcel Visser ndi anzawo adaonetsa mu 1998 kuti chifukwa cha kufunda, mbozi zidayamba kuchuluka msanga pomwe timbalame todya mbozizo tidapitiriza kuikira mazira pa nthawi yakale, ana n'kumaswedwa chakudya chitadutsa. Adatha kuona zimenezi chifukwa m'nkhalango imeneyo anthu akhala akulemba tsiku loikira dzira loyamba kuyambira m'ma 1950. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife tadutsa mu namondwe wa Freddy mu 2023 ndi chilala cha El Niño mu 2024, ndipo aliyense akuti nyengo yapenga. Koma pa msonkhano wa maiko, mawu oti "agogo akuti ngumbi zikuchedwa" salemera ngati tebulo la madeti a zaka 30.

Tibwerere kwa uja amati digiri yotere idyetsa ndani. Choyamba, woweta nkhuku za mazira ku Area 25 kapena ku Chirimba akugwiritsa kale ntchito sayansiyi, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Nkhuku ya mazira imafuna kuwala kwa maola pafupifupi 16 pa tsiku kuti iikire mokwanira, ndipo tanena kale kuti dzuwa lathu silipitirira 13. Maola otsalawo ndi a babu, ndipo magetsi akamathimathima mathireyi amachepa. Mlimi wolimbana ndi ntchemberezandonda, zomwe zidatilowerera mu 2017, amalangizidwa kupopera mankhwala m'mamawa kapena madzulo chifukwa masana mbozizo zimabisala mu mtima wa chimanga. Wopopera masana wataya ndalama. Oweta nsomba m'maiwe, oweta njuchi, a zinyama zakutchire, a zaumoyo, onsewa akufuna munthu wodziwa funso loti "liti". Chachiwiri, sitikunena kuti titsegule fakote yatsopano ya nyumba zosanja. Tikunena kosi imodzi kapena ziwiri mkati mwa madigiri omwe alipo kale a biology, a ulimi, a nsomba ndi a zaumoyo.

Ndipo mwa sayansi zonse, iyi ndi imodzi mwa zotsika mtengo poyambira. Munthu woyamba kuichita, Jean-Jacques d'Ortous de Mairan wa ku France mu 1729, adangotenga kachitsamba ka Mimosa kaja kamapinda masamba usiku, n'kukatsekera m'kabati ya mdima, n'kuona kuti kakupitiriza kutsegula ndi kutseka pa nthawi yake. Kabati tili nayo. Tintchentche ta Nobel tija tili mbwee pa mulu wa nthochi zoola kuseri kwa msika uliwonse, a khonsolo angathokoze titakatenga. Foni yakale ikhoza kujambula khoswe m'bokosi usiku wonse. Kabatire ka sola kakhoza kusunga nyali yosazima. Za majini ndi makina ake okwera mtengo zidzabwera pambuyo, tikadzakhala ndi mafunso athuathu oti tikayankhire kumeneko.

Zovuta zenizeni zili pena. Nyama siziweruka 5 koloko. Wofufuza wotchi ya tsiku ayenera kuyeza maola awiri alionse, usiku wonse, masiku angapo otsatizana. Labotale yomwe kiyi wake amapita kunyumba ndi bambo wina madzulo singachite sayansi imeneyi. Wophunzira wamkazi amene akufuna kukagwira udzudzu 2 koloko usiku ayenera kukhala ndi chitetezo ndi galimoto yomubweza, apo ayi maphunzirowa adzakhala a anyamata okhaokha. Ogwira udzudzu pa miyendo yawo ayenera kupatsidwa mankhwala oteteza ndi malipiro oyenera, asamatengedwe ngati nyambo yaulere. Ndipo wotchi ya chaka siingafufuzidwe ndi pulojekiti ya miyezi itatu yomwe wophunzira amathamangitsa kuti avale gauni. Pafunika mphunzitsi wokhazikika amene adzalandiritsa kope lomwelo kuchokera kwa wophunzira wa chaka chino kupita kwa wa chaka chamawa, ndi laibulale yomwe sidzasiya makopewo adyedwe ndi chiswe.

Palinso matenda athu aja odikira mzungu. Kafukufuku wambiri kuno amayendera ndalama za opereka thandizo, zomwe zimabwera zaka zitatu n'kupita, mutu wake atasankha ndi eni ndalama. Ana athu amasanduka onyamula zikwama ndi omasulira, manambala n'kukwera ndege, dzina la mwana wa kuno n'kupezeka kumapeto kwenikweni kwa pepala ngati lapezeka n'komwe. Sitikudana ndi alendo, ambiri atithandiza zedi. Koma kalendala ya zaka 30 palibe mlendo angaisunge, chifukwa palibe thandizo la zaka 30. Imeneyi ndi ntchito ya mwini mudzi. Nthambi za boma zoona za nsomba, zaumoyo ndi zaulimi, zomwe zidzapindule ndi mayankho, zikhoza kupatula kandalama kochepa chaka chilichonse, kosafika ngakhale mtengo wa semina imodzi ya ku nyanja, kolipirira ophunzira khumi thiransipoti ndi chakudya.

Kwa inu ophunzira amene mukusankha mutu wa pulojekiti chaka chino, musachite manyazi kupita kwa aphunzitsi anu ndi funso looneka lachibwana. Mafunso a "kodi anthu akudziwa zotani za malungo m'mudzi wakuti" alembedwa kokwanira, mashelefu adzaza. Pitani mukafunse kuti udzudzu wa m'hositelo mwanu umaluma ola liti, makoswe a mumsika amatuluka nthawi yanji ndipo magetsi a mumsewu asintha chiyani, anamzeze amafika sabata iti ku Zomba, mbewa za kwa Jali zimaswana mwezi uti.

Nanunso amalonda muli ndi gawo, ndipo mwina simukudziwa chuma chomwe muli nacho. Mayi amene wakhala akuoda usipa kwa zaka 15 ndipo amalemba m'kope tsiku, doko ndi mtengo wa ndowa, akusunga mbiri ya mwezi, mwera ndi nsomba yomwe ofesi zambiri zilibe. Chimodzimodzi wogulitsa ngumbi, mphalabungu, masuku ndi mbewa zowamba pa msewu wa M1. Wophunzira akadzafika pa benchi lanu kudzapempha kuona makope akalewo, musamuyese kazitape wa a msonkho. Mufunseni kalata ya ku koleji, mugwirizane kuti dzina lanu ndi phindu lanu sizituluka, ndipo mumuuze kuti akamaliza adzabwere kudzakufotokozerani m'Chichewa zomwe wapeza, pamaso pa komiti ya msika.